Zikomo nonse amene munadikira nane duwa

Dzulo madzulo ndikutsuka mbale, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa akonzi a magazini ya akatswiri a zomera, wakuti avomera kusindikiza zomwe tinalemba pofotokoza kamtengo kamene ndakhala ndikukalondola kunsi kwa phiri la Mulanje. Agwirizana nafe kuti sikanalembedwepo m'mabuku a sayansi. Ndinakhala pansi pakhonde, manja ali thovu lokhalokha, n'kuyamba kulira mpaka aneba anasuzumira, kuyesa kwagwa zovuta. Lero mtima uli m'malo, ndiye ndati ndithokoze pagulu.

Dzina lake musandifunse kaye. Lamulo lake ndi lakuti dzina la chomera limayamba kugwira ntchito tsiku limene lasindikizidwa, choncho mwanayu akadali m'chikuta. Malo enieni sinditchulanso. Ndingoti ndi mbali imene madzi ake amatsikira mu Ruo, m'munsi motentha, kutali ndi kumtunda kozizira kumene kumamera mkungudza.

Kamtengoko mutakaona mukhoza kungokapitirira. Kamalekeza m'chiuno, masamba ake amakhala awiriawiri moyang'anana, ndipo ndi ka banja limodzi ndi khofi. Kamakonda mthunzi wa mibawa ndi mikweranyani, pomwe dzuwa limachita kudontha. Vuto ndi lakuti masamba amanama: mtengo umodzimodzi, wa pamthunzi ndi wa padzuwa, masamba ake amasiyana. Umboni weniweni uli m'duwa ndi m'chipatso. Ndiye duwa la kamtengoka ndi loyera, laling'ono ngati njere ya mpunga, limamasula mvula yoyamba ikagwa, pakapita masiku owerengeka layoyoka. Ine ndinali ku Zomba kusukulu. Ndikanadziwa bwanji kuti lero kamasula?

Apa ndi pamene ndikugwadira amalume. Amalume, inu munandionetsa kamtengoka ndili mtsikana, tikutola nkhuni, ndipo ndinu munkakwera mtunda uja kawiri pa sabata, wapansi, kukangoyang'ana ngati kayamba mphukira. Anthu m'mudzi ankakusekani kuti mbumba yanu inapita kuyunivesite kukaphunzira using'anga. Inu munkangoyankha kuti akadzadwala adzabwere. Kumapeto kwa 2022 munandiimbira pafoni yobwereka: "Iwe mwana, kwera minibasi, kaja kamasula."

Ndiulule, chifukwa amalume sanandiululepo kwa munthu. Maluwa oyambawo ndinawawononga ndekha. Chomera chikathyoledwa timachiyala pakati pa nyuzipepala, n'kupanikiza ndi makatoni ndi matabwa awiri, n'kumanga zolimba. Nyuzipepalazo zimafunika kusintha tsiku lililonse chifukwa zimamwa madzi, makamaka kwathu kuno kumene ngakhale chovala pachingwe chimakana kuuma. Ine ndinamanga mtolo wanga, n'kuutsamiritsa kuchipinda, ulendo ku ukwati ku Limbe masiku atatu. Pobwera ndinapeza zonse zachita chuku, maluwa asanduka phala. Titathamangira kunkhalango tinapeza otsala ayoyoka. Chaka chathunthu chinapita chifukwa cha pelekanipelekani.

Kenako mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. A ku Mulanje ndi Phalombe simufuna kuti ndikufotokozereni. Napolo anatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo gombe lonse limene panali timitengo tathu linakokoloka, pamodzi ndi munda wa amalume wa chinangwa ndi nanazi. Anthu akufukula m'matope kufunafuna abale awo, ine ndikanayamba bwanji kufunsa za duwa? Ndinachita manyazi, ndipo aphunzitsi anga ndinawauza kuti ndisintha mutu wa kafukufuku. Iwo anati ndidikire kaye mpaka mvula ina. Zikomo adokotala, munandikaniza zabwino.

Nthawi ya chiperoni, amalume akufuna nsungwi ndi luzi zokonzera nyumba, anatulukira timitengo tina kuseri kwa thanthwe, m'khwawa lina. Anamangapo kansanza ka chitenje, osauza munthu, ngakhale ine, kuopa kundipatsa chiyembekezo cha chinthu choti mwina sichimasula. Anandiuza mvula itagwa, maluwa ali mbuu.

Ulendo uno mayi anatenga udindo. Anandilanda mtolo uja ngati akulanda mpeni kwa mwana, n'kuupachika pamwamba pa mbaula ya moto wonyeka pang'onopang'ono, ndipo usiku ankadzuka kukautembenuza. Mayi, masamba amene munaumitsa aja ndi amene akatswiri akuwayamikira kuti sanataye maonekedwe. Amayi a mandasi ndi a usipa pamsika, inu munandigawira nyuzipepala zanu zokulungira malonda osafunsa zambiri, Mulungu akuwonjezereni. Maluwa ena tinawaviika m'kabotolo ka sipiriti kuti asafote, masamba ena tinawaumitsa padera kuti akapimidwe DNA.

Ku Zomba ndithokoze ogwira ntchito ku National Herbarium, nyumba yosungiramo zomera zouma za kafukufuku, amene ananditsegulira makabati tsiku ndi tsiku. Anthu amaganiza kuti kupeza chomera chatsopano ndi kungofuula kuti ndachipeza. Ayi ndithu, ntchito yaikulu ndi kutsimikiza kuti wina sanachilembe kale. Ndinakhala miyezi ndili chiweramire pa maikulosikopu, kuyeza kampope ka duwa m'mamilimita, kuyang'ana ubweya wa kukhosi kwake, kenako kufananiza ndi abale ake onse a mu Flora Zambesiaca, mabuku aja ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, amene loyamba linatuluka mu 1960. Zina ndinafananiza ndi zithunzi za zomera zosungidwa ku Kew, ku London. Mwayi wanga ndi wakuti kuyambira 2012 munthu amaloledwa kufotokoza chomera chatsopano m'Chingelezi. Kale Chilatini chinali chokakamiza, ndipo ine ndikanathera pomwepo. Mnzanga amene unajambula duwali ndi cholembera, kadontho ndi kadontho, usiku magetsi atathima, ngongole yako ndikuidziwa. A zankhalango amene munatipatsa chilolezo, zikomo. Bambo a kunyumba, munaphika ndi kusambitsa mwana osadandaula pagulu, zikomo.

Nthambi imodzi yomatidwa papepala ndiyo idzakhale mboni ya dzinali mpaka kalekale, ndipo pakapepala kake pamalembedwa amene anaitola. Mkungudza wathu umatchedwa Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, amene anatola zomera m'phiri lino mu 1891. Amene anamusenzera katundu ndi kumulozera njira sitiwatchula. Zimenezo zinkandiwawa, ndiye pakapepala kathu dzina la amalume lili patsogolo, langa pambuyo. Talembamonso dzina la Chilhomwe limene iwo analimva kwa amayi awo, poti amalume mawu oti "chatsopano" amawaseka. Amati chatsopano ndi ineyo.

Nditawaimbira usiku kuwauza zonsezi, anakhala kaye chete, kenako anafunsa ngati a makala akudziwa kuwerenga Chilatini, chifukwa nkhwangwa zayamba kumveka kufupi ndi khwawa lija. Atatero anati dzina papepala alimva, koma iwo akufuna majombo, poti misundu yawamaliza miyendo.

Amalume, majombo ndagula, saizi 9. Ndibwera nawo Loweruka, muwauze azakhali aphike kalongonda.