Zikomo nonse amene munaima nane pa matenda a mtsempha wa m'mutu

Lero ndakwanitsa miyezi 6 chichitireni opaleshoni. Ndangobwera kumene kuchipatala kojambulitsa m'mutu (sikani), ndipo adokotala anena kuti chotupa cha pamtsempha chija chatsekeka, magazi sakulowamonso. Ambiri munkangomva kuti mayi uja akudwala mutu ku Manchester, ndiye lero ndiloleni ndifotokoze pang'ono ndisanayambe kuthokoza.

Chimene anandipeza nacho amachitcha aneurysm. Amene munapalasapo njinga mukudziwa momwe chubu chimatupira malo amodzi pamene rabala yafooka, n'kukhala ngati chithuza. Mtsempha wa magazi wa mu ubongo nawonso umatero, makamaka pamphanda pamene ukugawikana pawiri. Changa chinali cha mamilimita 5, ndipo anachipeza mwangozi akufufuza chizungulire chimene chinalibe nacho n'chibale chomwe. Anandiuza kuti pa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi atatu akuyenda nacho osadziwa, ndipo zambiri siziphulika. Mawu amenewo sanandigonetse tulo ayi.

Woyamba kumuthokoza ndi dokotala wa mitsempha ya ubongo amene anakhala nane pansi n'kujambula papepala. Ine ndinkaganiza kuti chotupa chimangophulika chifukwa cha mphamvu ya magazi basi. Iye anati khoma lenileni la chotupacho limatha kudwala. Asilikali a m'thupi otchedwa macrophages amakhamukira pamenepo ngati pali bala, ndipo m'malo mokonza amatulutsa timadzi todya ulusi umene umalimbitsa khomalo, mpaka limapyapyala. Pa makina apadera ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI, atandibaya mankhwala a gadolinium othandiza kuti chithunzi chioneke bwino, khoma la chotupa changa linaoneka lowala, chizindikiro choti mwina kudwala kwa khoma kotereku, kumene amakutcha kutupa, kulipo.

Nditamva mawu akuti kutupa, nzeru zanga zinathamangira ku Brufen. Ife a ntchito yosamalira okalamba timamumwa ngati mtedza chifukwa cha msana. Ndinafunsa ngati ndizingomwa ameneyo kuti kutupako kuthe. Adokotala anaseka pang'ono, kenako anandiletsa zolimba: Brufen ndi diclofenac amatha kukweza BP, ndipo BP ndi fodya ndiwo adani akulu a chotupa chotere. Mankhwala amene akatswiri akuwayang'anitsitsa ndi aspirin. Mu 2011, David Hasan wa ku University of Iowa ndi anzake anapeza kuti mwa anthu okhala ndi zotupa izi, amene ankamwa aspirin katatu pa sabata kapena kuposa, zawo sizinkaphulika kawirikawiri poyerekeza ndi osamwa. Ku Germany ndi ku Netherlands anayambitsa kafukufuku wotchedwa PROTECT-U, woyesa aspirin wa 100 mg tsiku lililonse pamodzi ndi kutsitsa BP kwambiri. Koma ine sanandipatse nthawi imeneyo. Anati umboni sunakhwime, ndipo aspirin naye amakanda m'mimba mpaka kutulutsa magazi. Ndikunena izi chifukwa mlamu wanga wina atangomva, anathamangira kugolosale kukagulira banja lonse. Alamu, chonde, bwezani.

Patatha chaka chotupacho chinakulirako, ndiye anaganiza zochitseka. Sanang'ambe mutu. Analowetsa kapaipi kakang'ono pamphechepeche, n'kukayendetsa mumtsempha mpaka ku ubongo, n'kupinda tiwaya ta platinum m'kati mwa chotupacho, ndi kuikapo kachubu kolukidwa ndi waya kotchedwa stent kuti tisatuluke. Choseketsa n'chakuti aspirin uja ndikumumwa tsopano, 75 mg m'mawa uliwonse, koma chifukwa china: kuti magazi asaundane pa stent.

Tsopano zikomo. Bambo a kunyumba, munagwira mashifiti ausiku miyezi itatu, m'mawa n'kuperekeza ana kusukulu musanagone. Munaphunzira kuphika nsima yopanda mibulu muli ndi zaka 46, ndipo ana akuchitira umboni kuti sabata yoyamba inali yovuta. Amayi anzanga a kutchalitchi, munagawana masiku obweretsa ndiwo popanda ine kupempha, ndipo munapirira pamene ndinkakubwezerani chakudya chamchere wambiri. Anamwino a mu wodi muja, makamaka mtsikana wa ku Zimbabwe amene ankandidzutsa usiku kudzandiunika m'maso ndi tochi n'kumandifunsa dzina langa ndi tsiku, ndinkakukwiyirani mumtima, mundikhululukire.

Amayi anga ku Dedza, ndikudziwa kuti simunamvetse chifukwa chimene madokotala anadikira chaka chathunthu akuchiona chinthucho. Ndikudziwanso kuti achibale ena anakunong'onezani kuti pali dzanja la munthu. Inu munangoti tiyeni tipemphere, mwana amve za achipatala. Mawu amenewo anandipepulira katundu kuposa momwe mukuganizira. Achimwene, zikomo pomawatengera foni Lamlungu lililonse kuti ndiwaone nkhope.

Achemwali anga awiri, adokotala anafunsa ngati pamtundu pathu wina anadwalapo zotere, chifukwa nthawi zina zimayenda m'magazi. Kayezetseni BP mwezi uno, ndipo mutu ukadzakuwawani mwadzidzidzi ngati wina wakumenyani ndi chibonga, musadzafunefune panado, thamangani kuchipatala.

Ntchito ndiyambanso mwezi wamawa, masiku atatu pa sabata poyamba. Amene muli pafupi, Loweruka likubwerali bwerani kunyumba, kuli nkhuku ndi chigwada chimene ndakhala ndikusunga mufiriji. Mchere aliyense adzathira yekha m'mbale mwake.