Kanyumba ka ku Bvumbwe: zapakhoma lakunja ndathana nazo

Denga tinakhoma mu Okutobala, ndipo kuchokera pamenepo nkhani ya khoma lakunja yakhala ikundisowetsa tulo. Ndimamanga ndekha Loweruka lililonse, mmisiri amangobwera pa ntchito zolemera, ndiye sindinafune kupupuluma. Khomalo ndi la mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, aja a SSB. Njerwa zootcha ndinazikana dala. Mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linakhazikitsa malamulo oziletsa pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo ngakhale kanyumba kanga sikali m'gulu limenelo, ndikayang'ana mmene phiri la Ndirande linayerera mbee, mtima sundilola kuyatsa uvuni.

Mvula isanayambe ndinayesa njira zitatu kukhoma lakuseri, iliyonse pamalo okwana mita imodzi: pulasitala wosalala wopaka penti, rough cast (pulasitala wokhakhala wochita kuwaza pakhoma), ndi mabuloko osapaka kanthu, ongokonza mizere yake, zimene amisiri amati pointing. Kenako ndinazisiya kuti dzinja lindiuze lokha.

Pulasitala ndiye anayamba kulephera, koma vuto linali langa. Ndinagwiritsa ntchito mchenga wa kudambo, wodzaza dothi, ndipo sindinathirire mokwanira. Pofika Januwale ming'alu inali yangoti mbwee ngati ukonde wa kangaude, penti n'kuyamba kusupuka. Nditagogoda ndi chala, malo ena ankalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti pulasitala wasiyana ndi khoma. Rough cast sanagwedezeke, kungoti fumbi lofiira limakhala m'timabowo take. Pointing ndiye wokongola kuposa zonse, mtundu wa dothi lakwathu ukuoneka bwinobwino.

Chimene chinanditsegula maso chinali kumunsi. Pamalo onse atatu, kuchokera pansi kufika m'mawondo, khoma linali lothimbirira ndi matope ndiponso ndere zobiriwira. Madzi akagwa kuchokera ku malata amamenya pansi n'kudumphira kukhoma. Nditakanda buloko wa mmunsi ndi msomali, ananyenyeka, pamene wa m'mwamba msomali unangotererapo. Apa m'pamene ndinaona kuti ndinkalakwa kufunafuna chinthu chimodzi choti chikute nyumba yonse.

Ndiye ndaganiza zochita chonchi. Kumunsi, masentimita 60 kuzungulira nyumba, ndimanga miyala. Ilipo yambiri m'munda mwanga, yomwe ndakhala ndikuiunjika m'malire chaka ndi chaka polima. Khoma la kummwera chakum'mawa, kumene chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimawomba masiku angapo osaleka, ndiika rough cast. Kutsogolo kuli khonde lalikulu, mvula sifikako, ndiye kumeneko mabuloko akhale poyera ndi pointing wawo. Mayi a kunyumba amafuna penti yoyera nyumba yonse, koma nditawatengera kuseri n'kuwaonetsa ndere zija, anavomera. Penti yawo ipita kuchipinda chochezera.

Ulendo uno mchenga ndi wa kumtsinje, wosefa, mawilibala anayi pa wilibala imodzi ya simenti, ndipo ndithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7 osaphonya. Matumba atatu a makilogalamu 50 ndagula kale, ali pamatabwa kuti asakoke chinyezi. Loweruka likubwerali ndiyamba kututa miyala ndi kusankha yafulati. Wilibala yaphwa tayala, ndiye Lachisanu madzulo ndiyamba ndamata limenelo.