Siling'i ya zitsulo kapena ya gypsum: yambani mwasuzumira pamwamba

Womanga shopu, ofesi kapena kiliniki kuno ku Mzuzu akafika pa siling'i, amathamangira kufunsa mtengo wa sikweya mita imodzi. Mtengowo ubwere pambuyo. Yambani mwakwera makwerero, muone zomwe siling'iyo idzabise, kenako mudzifunse kuti pa chaka mudzafuna kuzifikira kangati. Ngati pamwambapo padutsa mawaya a intaneti ndi a makamera, mapaipi a madzi a nyumba yosanja, ndi mapaipi a eyakoni, mufunika siling'i yomwe imatseguka. Ngati pali mawaya a magetsi okha, gypsum, mabodi osalala aja a pulasitala wokutidwa ndi pepala, ikukwanirani, ndipo kawirikawiri ndi yotsikirako mtengo pogula.

Siling'i ya zitsulo yolendewera ndi ija ya mabokosimabokosi yomwe timaiona m'mabanki. Chimango chake chili ndi tizitsulo ta mitundu inayi: main tee wa mamita 3.6, cross tee wa mamita 1.2, cross tee wamfupi wa mamilimita 600, ndi wall angle yemwe amazungulira khoma. Ma main tee amatalikirana mamita 1.2, ndipo amalendewera pa waya wosachita dzimbiri womangidwa ku silabu kapena ku mitanda ya denga. Waya ndi waya asatalikirane kupitirira mamita 1.2, ndipo woyamba asapitirire mamilimita 450 kuchokera kukhoma. M'mabokosimo mumagona matailosi a 600 kwa 600.

Apa mpomwe ambiri amapusitsidwa. Chimango chikhoza kukhala cha zitsulo koma matailosi ake osakhala a chitsulo. Alipo a mineral fibre, opepuka, ofewa, ogwira bwino phokoso, koma akamwa chinyezi amapindika pakati ndipo dontho la madzi limasiyapo banga losachoka. Alipo a gypsum okutidwa ndi pulasitiki. Ndiye pali a chitsulo enieni, a aluminiyamu kapena a chitsulo cha galvanised chokhuthala mamilimita 0.5 mpaka 0.7, opentedwa kufakitale. Pa kotesheni mmisiri alembe mtundu wa tailosi ndi kukhuthala kwake. Mawu akuti "siling'i ya zitsulo" paokha sakutetezani.

Titenge chipinda cha mamita 10 kwa 6. Matailosi amalowa 167, koma gulani 180, chifukwa ena adulidwa ndipo ena muwasunge. Mtundu womwe mwagula lero mwina simudzaupezanso m'mahadiweya a m'tauni muno, ndipo zoyera za mafakitale awiri sizifanana. Ma main tee 15, ma cross tee aatali pafupifupi 85, aafupi chimodzimodzi, wall angle 11 za mamita atatu, ndi mawaya 45. Poyala musayambire kukhoma. Pezani pakati pa chipinda, mukoke chingwe. Pa mamita 10 mumalowa matailosi athunthu 16 n'kutsala mamilimita 400, kutanthauza tizidutswa ta 200 mbali iliyonse, tosaoneka bwino komanso tosachedwa kugwa mphepo ikalowa. Chotsani tailosi limodzi, athunthu akhale 15, m'mbalimo mutsale zidutswa za 500. Levulo ijambulidwe makoma onse ndi leza (chipangizo chojambula mzere wa kuwala) kapena paipi yoonekera mkati yodzazidwa madzi yoyezera levulo, osati kuyeza kuchokera pansi, poti pansi pa nyumba zambiri si powongoka. Musiyenso mpata wa mamilimita 150 pamwamba pa chimango, apo ayi tailosi silipendekeka polilowetsa.

Chimangochi chinapangidwira matailosi basi. Magetsi a LED a 600 kwa 600 akhale ndi mawaya awoawo, eyakoni imangidwe ku silabu kapena ku mitanda. Wa magetsi akangounjika mitolo ya mawaya pamwamba pa ma tee, mzere umatsika pang'onopang'ono mpaka matailosi ayambe kusiya mipata. Podulidwa pa tailosi la chitsulo pakani penti, chifukwa dzimbiri limayambira pomwepo. Woika avale magolovesi oyera. Zala za girisi zimaonekera mpaka kale.

Gypsum ntchito yake ndi ina. Mabodi ambiri ndi a mamita 1.2 kwa 2.4, ndiye chipinda chomwe chija chimadya 21, mugule 23. Pa malo a malonda tengani a mamilimita 9 kapena 12. Opyapyala a 6.4 aja asiyireni nyumba zogona. Mabodiwa amakhomedwa pa brandering, timitanda ting'onoting'ono ta matabwa kapena zitsulo, yotalikirana mamilimita 400, yomwe pa chipindachi ndi mamita 150 osawerengera ya m'mbali. Masikuluwu a 25 mm amalowa motalikirana mamilimita 150, onse pamodzi pafupifupi 1,000. Mutu wa sikuluwu ulowe pang'ono koma usang'ambe pepala la bodi, pakuti pepalalo ndilo likugwira. Bodi igone mopingasa brandering, ndipo polumikizira pa mizere yoyandikana pasagwere malo amodzi.

Matabwa a paini a ku Chikangawa tili nawo pafupi, n'chifukwa chake amisiri ambiri amakonda brandering ya matabwa. Vuto ndi loti ambiri amafika pamsika asanaume. Mukakhoma bodi pa thabwa laliwisi, thabwalo likamauma limafota ndi kupotoka, mitu ya masikuluwu n'kutumphuka, polumikizira n'kung'aluka mzere wowongoka kuyambira khoma ili mpaka ilo. Mwini nyumba amadzudzula wopenta, pomwe cholakwa chili m'thabwa. Matabwa ayalidwe pamthunzi motalikirana mpaka aume, apakidwe mankhwala a chiswe. Kapena ingogulani brandering ya zitsulo: imadulirapo, koma sipotoka ndipo chiswe sichiyandikira.

Polumikizira mabodi pamamatidwa tepi, kenako phala lake katatu, lililonse lotambalala kuposa loyamba, ndipo lililonse liume lisanalandire linzake. Kotentha tsiku limodzi limakwana. Kuno m'miyezi ya mvumbi kapena m'kuzizira kwa Juni ndi Julayi phalalo limatha kugona masiku awiri likadali lonyowa mkati ngakhale kunja layera. Wofulumira akapaka penti pamenepo, mizere ya polumikizira imadzaonekera magetsi akayaka. Musanapente, zimitsani magetsi, mugoneke tochi pa siling'i kuti kuwala kuyende chammbali. Paliponse pokwera kapena polowa padzaoneka. Choncho shopu yofuna kutsegulidwa sabata yamawa isadalire gypsum. Chimango cha zitsulo amisiri awiri odziwa amachimaliza m'masiku ochepa, popanda fumbi la sandipepa, popanda penti.

Koma nkhani yaikulu ku Mzuzu ndi madzi. Mvula yathu imachedwa kusiya, ndipo usiku wozizira malata amachita thukuta kunsi kwake, madziwo n'kumadontha ngakhale denga lisakudontha. Gypsum ikanyowa kamodzi n'kuuma msanga imapirira. Ikamanyowa mobwerezabwereza imachita mimba, chuku chakuda chimamera papepala, tsiku lina chidutswa n'kugwera pa katundu. Kukonza kwake n'kudula, kuika chigamba, kumata katatu ndi kupenta siling'i yonse, chifukwa penti yatsopano pa chigamba chokha imasiyana ndi yakale. Mabodi obiriwira amapirira chinyezi cha mumpweya, monga cha kuchimbudzi ndi kukhitchini, osati madzi odontha. Tailosi la aluminiyamu mumangolikweza, kupukuta, kukonza podontha n'kulibwezera. Komabe siling'i iliyonse isakwere denga lisanayesedwe ndi mvula yeniyeni kapena paipi ya madzi, ndipo kunsi kwa malata kuikidwe pepala lonyezimira lija lotchinga thukuta ndi kutentha.

Pa phokoso anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Matailosi a chitsulo obowolabowola, okhala ndi kansalu kakuda kumbuyo, amachepetsa kulira kwa mawu m'chipinda momwemo, zomwe zimathandiza mu holo ya banki kapena mu lesitilanti. Koma satchinga mawu kupita chipinda china. Khoma logawa zipinda likathera pa siling'i, zokamba za dokotala ndi wodwala zimadutsa pamwamba n'kukamveka kwa odikira. Gypsum ndi yolemera ndiponso yopanda mipata, motero imatchinga bwinoko, ngakhalenso mkokomo wa mvula pamalata, makamaka mukayala ubweya wa galasi pamwamba pake. M'zipinda za chinsinsi khoma lifike mpaka ku silabu kapena ku malata. Chimodzimodzi pakati pa mashopu oyandikana: tailosi limakwezedwa ndi dzanja limodzi, ndipo wakuba amadziwa zimenezo.

Pa moto gypsum ndiyo ili patsogolo. Mkati mwake muli madzi omangika, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, omwe amatuluka ngati nthunzi n'kuchedwetsa moto. Alipo mabodi apadera a moto, ambiri a pepala la pinki. Tailosi la chitsulo siliyaka, koma kutentha kumadutsa msanga ndipo chimango chimapindika.

Nyumba yobwereketsa, yomwe chaka chino muli saluni, chaka chamawa ogulitsa mafoni, imayenera chimango, chifukwa aliyense wolowa amasuntha magetsi ndi makoma. Polandirira alendo pa loji, chipinda cha misonkhano ndi ofesi ya bwana zimakongola ndi gypsum yosalala. Palibenso choletsa kuphatikiza: gypsum m'zipinda, chimango m'khonde la mkati momwe mwadutsa mawaya ndi mapaipi, kapena lamba wa gypsum kuzungulira khoma kuti pakati palowe matailosi athunthu okhaokha. Pomwe mwasankha gypsum, ikani kachitseko ka 600 kwa 600 pansi pa valavu iliyonse ya madzi ndi pa bokosi lililonse lolumikizira mawaya, apo ayi pulambala adzabwera ndi sowo.

Powerengera ndalama onjezani mayendedwe. Katundu wambiri amachokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita opitirira 350 pa M1, kapena ku Tanzania kudzera pa Songwe. Mabodi a gypsum amathyoka m'makona akagonekedwa pa zinthu zosalingana, ma tee amapindika akaponderezedwa ndi matumba a simenti. Mabodi agone chafulati pa matabwa otalikirana mamilimita 400, ofunditsidwa lona, ndipo akafika asungidwe m'chipinda chouma chomwe mawindo ake aikidwa kale magalasi.