Tisanakumane ku Zomba mu December, nazi zomwe ndamva za anzathu a ku Chanco

Anzanga a Education amene tinalowa limodzi ku Chanco mu 2009, komiti yatsimikiza kuti tikumana ku Zomba mu December, ndiye ine anandipatsa ntchito yosonkhanitsa nkhani za aliyense kuti tidzawerenge pa tsikulo, ndani ali kuti, akugwira ntchito yanji, ana alipo angati, ndani anatisiya. Ndakhala ndikuimba mafoni madzulo ndikaweruka, ndipo munthu ukamuimbira kuti ungomufunsa komwe ali umapezeka mwacheza mpaka mayunitsi kutha. Maina sinditchula pano chifukwa sindinapemphe chilolezo, eni ake adzizindikira okha.

Zina mukuzidziwa kale chifukwa zimaoneka pa Facebook. Asisi aja ankakhala kutsogolo nthawi zonse mu kalasi ya Curriculum anakapanga masitazi ku UK, pano akuphunzitsa pa yunivesite ina ku Lilongwe ndipo ayamba PhD. Angapo anasiya choko kalekale, ali ku mabanki, ena ku ma NGO amayenda pa galimoto zolembedwa m'mbali, wina ali ndi shopu ya mbewu ndi feteleza ku Mchinji ndipo nthawi yokolola amagula soya kwa alimi, akuti walemba anyamata asanu ntchito. Maukwati ndiye osanena, amene anafulumira ana awo oyamba ali Standard 8 chaka chino. Zonsezi ndakondwa nazo kuchokera pansi pamtima.

Koma amene anditengera nthawi yaitali pa foni ndi anthu amene pa gulu lathu la WhatsApp salankhula, amangowerenga basi. Ndipo ndi ambiri kuposa olankhulawo.

Mesho wanga, amene tinkagona chipinda chimodzi ku Chikanda, ndi mmodzi mwa iwo. Chimalizireni sukulu ali pa CDSS ina kumudzi m'boma la Ntchisi, pano ndi depute, ndipo ndi iye yekha wophunzitsa Chemistry kuyambira Form 1 mpaka Form 4. Labu palibe. Ndinamufunsa kuti nanga za ma acid ndi ma base umaphunzitsa bwanji opanda litmus, iye nkuseka, akuti amwene chidede chilipo chambiri kuno. Amawiritsa chidede nkusefa madzi ake ofiira aja, kuthira m'mabotolo apulasitiki odula pakati, botolo lina ana amafinyiramo mandimu madzi aja nkufiira kwambiri, botolo lina amathiramo chidulo chomwe amayi amaphikira therere chija, madzi aja nkusintha kupita kobiriwira ana akuona ndi maso awo. Akuti tsiku loyamba kalasi yonse inakuwa, ndipo mawa lake mtsikana wina anabwera ndi madzi a sopo ndi thobwa losasa kuti ayesenso yekha. Mtsikana ameneyo anasankhidwa kupita ku yunivesite, woyamba pa sukulu imeneyo pa zaka zambiri. Nkhani imeneyi mesho wangayu sanailembepo paliponse, nditamufunsa chifukwa chake anangoti aaa, anzathu akuika zithunzi za ku Dubai ine ndiike botolo la chidede?

Mawu amenewo andikhala pamtima mpaka lero, chifukwa ine ndikakumbukira zomwe tinkaphunzira mu methodology, zoti mphunzitsi agwiritse ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, TALULAR ija tinkailoweza usiku kuti tikangokhoza mayeso, munthu amene akuichitadi tsiku ndi tsiku ndi ameneyu. Ambirife tinailemba pa pepala nkuisiya pomwepo.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti pa zaka zonse zija tinaphunzira chani kwenikweni chomwe chatsala mwa ife. Manotsi a Sociology of Education ndikaafuna lero sindingawapeze, mahandauti aja tinkasonkherana kuti tikafotokope anadyedwa ndi chiswe kwathu. Chimene chinatsala mwa ine ndi ma discussion aja, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo kuseri kwa layibulale, buku limodzi la pa short loan lomwe wina walisaina kwa maola ochepa, aliyense awerenge chigawo chake nkufotokozera anzake. Munthu umadziwa kuti chinthu wachimva pokhapokha ukatha kumufotokozera mnzako amene ali ndi mantha a sapu (mayeso obwereza ukalephera) mpaka iye nkuti oho, tsopano ndamva. Ine kuphunzitsa ndinaphunzirira pamenepo, TP (teaching practice) isanafike nkomwe. Ndipo amene ankatifotokozera bwino kwambiri Statistics pa gulu lathu, mnyamata wa ku Rumphi uja, anatipulumutsa anthu ambiri kuti tisachotsedwe sukulu tili chaka choyamba, ndi mmodzinso mwa amene ali chete pano. Ntchito ya boma inamuchedwera, anaphunzitsa m'masukulu a pulayiveti osiyanasiyana kulandira mwezi uno mwezi winawo ayi, pano akulera ana atatu a malemu achimwene ake kuphatikiza ake awiri. Sanadandaule ngakhale pang'ono, anangondifunsa kuti ndalama yosonkha ya mkumano wathuwu ingaperekedwe pang'onopang'ono kapena.

Tisaiwalenso kuti kalasi yathuyi inadutsa m'nyengo yotani. February 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa pa chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi ya Political Science, aphunzitsi motsogozedwa ndi a Jessie Kabwila anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa za ufulu wophunzitsa mosaopa, ndipo zinakokana mpaka chakumapeto kwa chaka. Ife tinali pakati pa digiri. Tinabwerera kumudzi, ena kukhala kwa abale m'tauni, mafuta a galimoto kulibe mizere pa filing'i kugona pomwepo, pa 20 July anthu kuphedwa pa zionetsero, makolo kufunsa tsiku lililonse kuti kodi sukulu yanuyo mutsegulira liti. Nthawi imeneyo ndinkangoona kuchedwa kokha. Pano ndili ndi kalasi yanga ya History, ndikamaphunzitsa za 1992 ndi kalata ya ma bishopu ndi referendamu ya 1993, mwana nkudzutsa dzanja kufunsa funso lokhudza ndale za lero, ndimamvetsa chomwe aphunzitsi aja ankalimbira. Mwana akafunsa ayenera kuyankhidwa zoona, mphunzitsi osayamba wayang'ana pakhomo kuti kodi akumva ndani. Phunziro limeneli silinali pa timetable koma ndi limodzi mwa omwe ndimagwiritsa ntchito sabata iliyonse.

Kenako potuluka tinakumana nazo zina. May 2012 kwacha inagwa kuchoka cha m'ma K168 kufika K250 pa dola imodzi, 2013 Cashgate inaphulika mayiko otithandiza nkuimitsa ndalama zomwe ankaika mu bajeti, ndiye kulembedwa ntchito m'boma kunavuta kwambiri pomwe ife tinali titangovula magauni ku Great Hall. Amene anapeza polowa msanga anapita patsogolo, amene anadikira postingi zaka ziwiri zitatu anayambira kumbuyo ndipo kusiyana kumeneko kukuonekabe mpaka lero. Sikuti wina anali wanzeru kuposa mnzake ayi, tonse tinkaonerana magiredi pa notisibodi, tikudziwana. Ndiye November 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, salale ya mphunzitsi inangotsala dzina, ndipo mpamene ena amene anapirira zaka khumi m'kalasi anaganiza zochoka.

Mmodzi mwa iwo ndi asisi ena amene ankaimba kwaya nafe, ali ku England akugwira ntchito yosamalira okalamba. Anapita lamulo litasintha kale, kuyambira March 2024 opita pa viza ya ntchito imeneyi saloledwa kutenga banja, ndiye ana awo awiri ali ndi agogo awo ku Area 25. Tinalankhula iwo akuchokera ku shifiti ya usiku, akuti homuweki ya mwana wamkulu amathandiza pa video call ali pa basi, mwana kuonetsa kope pa kamera iwo kumuuza pomwe walakwitsa. Anali mphunzitsi wa English wabwino zedi ndipo akuti chimene amachisowa kwambiri ndi phokoso la ana a Form 1. Mu December sabwera, tikiti yadula komanso tchuthi sanapatsidwe, koma apempha kuti wina adzawaimbire pa video tikadzayamba kuimba. Komanso atumiza kale ndalama ya anthu awiri, akuti mupatse amene thiransipoti ikumuvuta musamuuze kuti yachokera kwa ndani.

Pali nkhani zina zolemera. Tinataya mnzathu mu January 2021 pa nthawi imene Covid inavuta kwambiri ija, ambirife kumaliro sitinapite chifukwa cha malamulo a nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero sitinakapepese ngati kalasi. Ndalankhula ndi mayi a kunyumba kwake, akugulitsa kaunjika ku Limbe, mwana wamkulu ali Form 2. Ndinawafunsa ngati angakonde kubwera, anakhala chete kaye kenako nkuti bambo awo ankakamba za Chanco tsiku lililonse, ana angakonde kuona komwe ankaphunzira. Mnzathu wina nyumba yake inapita ndi matope ku Chilobwe pa Freddy mu March 2023, iye ndi banja anapulumuka koma satifiketi ndi zithunzi zonse za graduation zinapita, wapempha kuti amene ali ndi chithunzi chomwe iye akuonekapo abweretse. Chonde fufuzani m'ma alubamu mwanu. Mabanja ena anatha, ena sanakwatire, ena akhala zaka zambiri akufuna mwana osamupeza, ndiye ndikupempha kuti pa tsikulo funso loti nanga alamu ali kuti, nanga ana angati, tisamangoliponya kwa aliyense, munthu anene yekha zomwe akufuna kunena.

Za loni ndingokumbutsako pang'ono, amene mukulandira bwino ndipo simunabweze, bwezani, bodi ya ngongole za ophunzira imadalira zomwezo kuti ithandize ana ngati mtsikana wa ku Ntchisi uja.

Ku Zomba mukapeza zasintha. Kuyambira 2021 Poly ndi MUBAS, College of Medicine ndi KCN zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chanco yathu ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, ana a pano amangoti UNIMA. Nyumba zatsopano zamangidwa, ophunzira achuluka, ku Chikanda ma hostel ali ponseponse. Koma layibulale ndi yomwe ija, ndipo ndikufuna tidzayambire kumeneko tisanakwere ku Ku Chawe.

Ku komiti ndapereka maganizo awiri ndipo ndikuwabwereza pano kuti nonse muwaone. Ndalama yosonkha isakhale imodzi kwa aliyense, amene ali nazo aonjezere, amene zikuvuta apereke zomwe angathe kapena angobwera, msungichuma yekha ndiye adziwe. Chachiwiri, pa pulogalamu pakhale nthawi yoti amene akadali m'kalasi, makamaka a m'ma CDSS, atiuze zomwe akuchita, ndipo mesho wanga ndamuuza kale kuti abwere ndi chidede ndi chidulo chake adzationetse, wavomera monyinyirika koma wavomera. Amene mukuchokera ku Lilongwe ndi galimoto nenani mipando yomwe yatsala, a ku Mzuzu ndi Karonga ulendo wawo ndi wautali tiganizire zowalipirira malo ogona usiku umodzi woonjezera.

Pali anthu anayi amene sindinawapezebe, manambala awo akale sakugwira, awiri ndinamva kuti ali ku Joni, wina anamuona komaliza ku Nsanje. Maina awo ndaika pa gulu, amene muli ndi nambala ya m'bale wawo aliyense nditumizireni ku inbox sabata ino isanathe kuti komiti idziwe chiwerengero cha chakudya.