Makhadi a Lenormand ndinayamba kuwamva nditaleka kuwerenga limodzilimodzi

Papita miyezi inayi chiyambireni kuphunzira makhadi a Lenormand, omwe ndi makhadi olosera, ndipo kope langa loyamba ladzaza. Dzulo ndinalitsegula patsamba loyamba n'kuona zimene ndinkalemba masiku oyambirira aja. Tsamba lililonse linali ndi khadi limodzi, pansi pake matanthauzo ambirimbiri omwe ndinkatola kulikonse. Pa khadi la Njoka pokha ndinalemba mizere khumi ndi iwiri: chinyengo, mdani, mkazi wina, njira yokhotakhota, nzeru, chilakolako, ndi zina zotero. Ndinkaganiza kuti ndikaloweza zonsezo ndiye kuti ndadziwa. Koma ndikayala makhadi patebulo, pakamwa pankangouma.

Makhadiwa alipo 36, ndipo lililonse lili ndi nambala yake yosasintha ndi chithunzi chimodzi cha chinthu chodziwika. Nambala 1 ndi Wokwera pa kavalo, 3 ndi Chombo, 4 Nyumba, 5 Mtengo, 18 Galu, 24 Mtima, 25 Mphete, 33 Kiyi, mpaka 36 pomwe pali Mtanda. Ambiri ali ndi kachithunzi ka khadi wamba losewerera pamwamba, kuyambira 6 kukafika pa Ace. Ine ndinachokera ku tarot, njira ina yolosera yomwe ili ndi makhadi 78, ndipo ndinazolowera kuyang'anitsitsa chithunzi, kufunsa chifukwa chake munthu wapachithunzipo wayang'ana kumanzere, chifukwa chake kumwamba kuli kofiira. Chizolowezi chimenechi n'chimene chinandichedwetsa. Mu Lenormand, Galu ndi bwenzi, kaya wojambulayo anajambula galu wamkulu wakuda kapena kagalu koyera kogona pakhomo. Chithunzi chili ngati chilembo. Ukachizindikira, pita patsogolo. Ndiponso ambiri owerenga makhadiwa sasamala ngati khadi latuluka mozondoka, amangolitembenuza.

Mbiri yake inandidabwitsa, ndipo ndikuona kuti woyamba kumene aliyense ayenera kuidziwa. Marie Anne Lenormand anabadwira ku Alençon, m'dziko la France, mu 1772, ndipo anatchuka ku Paris monga wolosera. Dzina lake limatchulidwa limodzi ndi la Joséphine, mkazi wa Napoléon. Anamwalira mu 1843 ndipo anaikidwa kumanda a Père Lachaise. Makhadi 36 amene ife timawatcha ndi dzina lake anatuluka pamsika ndi dzinalo iye atamwalira kale. Zithunzi zake ndi ndondomeko yake zinachokera ku masewera a ku Germany otchedwa Das Spiel der Hoffnung, kutanthauza masewera a chiyembekezo, omwe Johann Kaspar Hechtel wa ku Nuremberg anakonza cha m'ma 1799. Anthu ankayala makhadiwo mizere isanu ndi umodzi, uliwonse makhadi asanu ndi limodzi, n'kumaponya madayisi, kuyenda kuchoka pa khadi lina kupita pa lina. Cholinga chinali kukafika pa 35, pa Nangula, chizindikiro cha chiyembekezo. Makhadi a masewera amenewa akusungidwa ku British Museum ku London. Ogulitsa anangotenga dzina la mayi wotchukayo kuti malonda ayende.

Nditamva zimenezi ndinakhumudwa kwa masiku angapo, sindibisa. Ndinkafuna kuti makhadi ali m'manja mwangawa akhale omwewo amene mayi uja ankayala. Kenako nkhaniyi inandimasula. Ngati makhadiwa anayamba ngati njira yoyendamo, khadi lina kutsatana ndi linzake, ndiye kuti kuwawerenga motsatizana ndi chikhalidwe chawo kuyambira pachiyambi.

Apa ndi pamene zinthu zinasintha. Ndinang'amba maganizo oloweza aja n'kupatsa khadi lililonse mawu amodzi kapena awiri basi. Kalata: uthenga wolembedwa. Mbewa: kutha pang'onopang'ono, kutayika. Phiri: chotchinga, kuchedwa. Nsomba: ndalama, malonda. Mtengo: thanzi. Kenako ndinayamba kutenga makhadi awiriawiri. Lamulo limene ambiri amaphunzitsa ndi lakuti khadi loyamba ndi chinthu chomwe tikukamba, lachiwiri limafotokoza kuti chinthucho n'chotani. Kwa ife olankhula Chichewa zimenezi sizivuta n'komwe, chifukwa ndi mmene timayankhulira kale: timati nyumba yaikulu, dzina patsogolo, mfotokozi pambuyo. Choncho Nyumba ndi Dzuwa ndi banja losangalala. Kalata ndi Phiri ndi uthenga wochedwa. Galu ndi Nangula ndi bwenzi lokhalitsa.

Ukawasinthanitsa, nkhani imasinthanso, ndipo ndinatha sabata yathunthu ndikusewera ndi zimenezi. Nsomba kutsogolo, Mbewa pambuyo, ndi ndalama zimene zikudyeka pang'onopang'ono. Mbewa kutsogolo, Nsomba pambuyo, ndimawerenga kuti nkhawa yokhudza ndalama. Kusiyana kwake n'kochepa, koma munthu amene wabwera ndi funso amakumva bwinobwino. Wina akufuna kudziwa ngati chikwama chake chikubooka, wina akufuna kudziwa chifukwa chake sakugona tulo.

M'mawa uliwonse ndimasakaniza makhadi, kutulutsa awiri, ndi kulemba chiganizo chimodzi chachifupi ndisanayambe ntchito. Madzulo ndimabwerera kukalemba zomwe zachitikadi. Chiganizocho ndimachilemba ndi bolopeni kuti ndisakachikonze madzulo, chifukwa mtima wa munthu umafulumira kukokera zochitika kuti zigwirizane ndi zimene walosera. Tsiku lina ndinatulutsa Kalata ndi Mbewa. Ndinalemba kuti ndilandira uthenga woipa, ndipo tsiku lonse ndinkangoyang'ana foni. Palibe uthenga woipa umene unabwera. Chimene chinachitika n'chakuti nditapita kukafunsa za fomu yomwe ndinasiya ku ofesi ina milungu iwiri m'mbuyomo, anandiuza kuti sikupezeka, ndilembenso ina. Pepala lotayika. Makhadi aja ananena mwachindunji, ine ndi amene ndinawonjezera mawu oti "woipa" chifukwa cha mantha anga. Mbewa sizibweretsa chinthu, zimachotsa. Phunziro limenelo linakhazikika m'mutu kuposa mizere khumi ndi iwiri ija.

Masiku ena palibe chogwirizana ngakhale pang'ono. Ndinatulutsapo Chombo ndi Maluwa, n'kulemba za ulendo wosangalatsa, koma ndinakhala pakhomo tsiku lonse ndipo palibe mlendo anafika. Pamenepo ndimalemba kuti "sizinagwirizane" ndipo sindifufuta. Masamba oterowo alipo ambiri m'kope muja, ndipo ndimawalemekeza mofanana ndi enawo.

Pali makhadi amene amaopsa woyamba kumene. Bokosi la maliro, nambala 8, litatuluka koyamba m'mawa, manja anga anazizira. Ndinaganiza zosakanizanso ngati sindinaone. Koma ndinalisiya pomwepo, pambali pa Mbalame, zomwe zimaimira kucheza, kuyankhulana ndi phokoso la pakamwa. Nditakhazika mtima pansi ndinalemba kuti kukambirana kwina kutha. Khadi limeneli nthawi zambiri limanena za kutha kwa chinthu, kutsekeka kwa nkhani, kapena kufooka. Chikwakwa, nambala 10, chimanena za kudula mwadzidzidzi, ndipo owerenga ambiri amayang'ana kumene mpeni wake waloza kuti adziwe chomwe chikudulidwa. Mitambo, nambala 6, ili ndi mbali yakuda ndi yowala, ndipo khadi lomwe lili kumbali yakudayo ndi limene lili m'chisokonezo. Awa ndi ena mwa malo ochepa pomwe kayang'anidwe ka chithunzi kamawerengedwa. Ndinadziikira malire pa nkhani ya Mtengo ndi Bokosi: za matenda sindiwerengera munthu, ndimamuuza apite kwa dokotala.

Chinanso chomwe chinandizunguza mutu ndi khadi la ntchito. Wina amati ntchito ndi Nangula, monga ambiri otsatira mwambo wa ku Germany amachitira. Wina amati ndi Nkhandwe. Wina amati Mwezi, chifukwa umaimira ulemu ndi kudziwika. Ndinkasinthasintha malinga ndi zimene ndawerenga dzulo lake, ndipo zotsatira zake zinali phala lokhalokha. Tsopano ndinasankha Nangula, ndipo Nkhandwe ndinaisiyira kuchenjera ndi chinthu chomwe sichili bwino. Sindikunena kuti enawo akulakwitsa. Koma uyenera kusankha usanasakanize makhadi, osati utaona kale zomwe zatuluka.

Cholakwa changa chachikulu chinali kuthamangira Grand Tableau. Uku ndi kuyala makhadi onse 36 nthawi imodzi, mizere inayi ya makhadi asanu ndi anayi, kapena mizere inayi ya makhadi asanu ndi atatu ndi ena anayi pansi. Umapeza khadi loimira wofunsayo, Mwamuna pa 28 kapena Mkazi pa 29, n'kuwerenga zomwe zamuzungulira, zapafupi ndi zakutali, zakumbuyo ndi zakutsogolo kwake. Mnzanga wina anandipempha kuti ndimuwerengere nditangotha mwezi umodzi, ndipo ndinavomera. Tebulo lonse linadzaza. Khadi la Mkazi linagwera kumapeto kwenikweni kwa mzere wachitatu, Phiri pamwamba pake, Mphambano pambali. Iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye akuti chiyani, anzanga?" Ndinayamba kutchula matanthauzo limodzilimodzi, ili ndi vuto, ili ndi chisankho, ili ndi bwenzi, koma nkhani sinatuluke. Anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Ndinamva chisoni chifukwa anabwera ndi funso lomwe linkamulemera, ndipo ine ndinamupatsa mndandanda wa mawu. Ndinamuuza poyera kuti ndinali ndisanafike poyala makhadi onse, ndipo anandimvetsa.

Kuchokera tsiku limenelo ndinabwerera m'mbuyo. Makhadi awiri kwa mwezi wathunthu, kenako atatu, pomwe lapakati ndi mutu wa nkhani ndipo umaliwerenga ndi lakumanzere, kenako ndi lakumanja. Ndinazindikiranso kuti funso lenilenilo ndi theka la ntchito. Ukafunsa kuti "moyo wanga uli bwanji", Chimbalangondo chikhoza kukhala bwana, kholo, mphamvu kapena chuma chosungidwa, ndipo sudziwa chogwira. Ukafunsa kuti "zokambirana zanga ndi akuluakulu a kuntchito ziyenda bwanji sabata ino", Chimbalangondo ndi bwana basi, ndipo khadi lotsatira likuuza za iyeyo.

Mnzanga uja anabweranso sabata yatha. Ulendo uno tinayamba ndi kukonza funso lake mpaka linakwana mu chiganizo chimodzi, lokhudza ngati asamuke kapena ayi. Ndinayala makhadi atatu okha: Nyumba, Dokowe, Phiri. Dokowe ndi kusintha, ndipo akakhala pambali pa Nyumba amanena za kusamuka. Ndinamuuza kuti kusamukako kukuoneka, koma kuchedwa. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti nyumba yomwe akufunayo muli kale anthu ena omwe sanatulukemo. Ndinalemba zonsezo m'kope latsopano, ndi deti lake, kuti tidzaonenso pakapita miyezi iwiri.

Panopa ndayamba kuyala makhadi asanu ndi anayi, mizere itatu ya makhadi atatu. Mizere yopingasa ndimaiwerenga bwino, yotsika ndikuyesetsa, koma ya pangodya ikundivutabe. Usiku uno ndiyesanso ndi funso laling'ono lokhudza mawa.