Momwe ndinadzutsira injini ya boti yomwe inagona chaka m'nyumba

Injini ya boti ikakhalitsa osagwira ntchito, anthu ambiri amathamangira chingwe. Amakoka mpaka phewa kuuma, kenako n'kugamula kuti yafa, ikagulitsidwe ya masipeya. Ine chingwe ndimachisiya kaye. Ya atsibweni anga ndi Yamaha Enduro ya hosipawa 15, ija yosakaniza petulo ndi oyilo, ndipo inakhala kupitirira chaka itatsamira khoma m'chipinda cha maukonde kwathu ku Mangochi, kuyambira pomwe mwera unaswa boti lawo. Boti litakhomedwanso, anandiitana kuti ndidzaione alovi asanayambe kuivutitsa.

Choyamba ndinaipachika pathabwa lolimba, mwendo wake n'kulowa mu mgolo wamadzi, madzi atapitirira bwino timabowo tomwe imakokera madzi. Injini imeneyi sailiza pouma, ngakhale pang'ono pokha, chifukwa kalabala kopopa madzi, impela, kamapsa m'kanthawi kochepa kwambiri. Ndinavundukula chivundikiro n'kuyang'ana ngati makoswe adya mawaya. Anali atatolera zinyalala pakona koma mawaya anali bwinobwino.

Kenako ndinamasula mapulagi onse awiri, n'kuthira oyilo wa tu-sitiroko pang'ono m'bowo lililonse, kuchuluka kwa supuni yaing'ono. Ndinadikira kuti alowerere, ndiyeno ndinazungulitsa fulaiwilo, chitsulo chozungulira cha pamwamba pa injini, ndi dzanja, pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe mumadziwira ngati tsiku lanu likhale lalifupi kapena lalitali. Ikakana kuzungulira, ndiye kuti dzimbiri lagwira mapisitoni, ndipo kuikakamiza ndi chingwe kumathyola malingi. Yotereyo imafunika kuinyika ndi oyilo masiku angapo kapena kupita nayo kwa amakaniki. Yathuyi inayamba mowuma, kenako inamasuka. Ndinatseka bowo la pulagi ndi chala, mnyamata wa atsibweni n'kukoka chingwe, ndipo mpweya unakankha chala mwamphamvu m'mabowo onse awiri mofanana. Mtima unakhala pansi, chifukwa injini yopanda mphamvu ya mpweya imeneyi, kompuleshoni, ngakhale muisambitse bwanji kabuleta, kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya, siilira.

Chachiwiri ndi moto. Musanaimbe mlandu koyilo, kachipangizo kotumiza moto kumapulagi, yang'anani kapulasitiki kakang'ono kaja kokhala ndi kachingwe kofiira, komwe kamalowa pabatani lozimitsira. Kakasowa, injini siitulutsa moto ndi pang'ono pomwe, ndipo pakatha chaka kamakhala kuti ana anakatenga kalekale kukaseweretsa. Giya nayonso ikhale pa nyutulo. Ndinavalika pulagi m'kapu yake, n'kuigunditsa pachitsulo cha injini, kutali ndi bowo lake kuopa kuyatsa fungo la petulo, nditaigwira ndi pulayazi ya zogwirira zalabala. Imodzi inathetheka moto wabuluu wakuthwa. Inayo inali yakuda bii, ndipo moto wake unali wofiirira, wofooka. Ndinaika zatsopano zonse ziwiri, za NGK B7HS-10, zomwe mpata wake umakhala pafupifupi milimita imodzi. Moto ukanasowa konse, ndikanazula kaye waya woyera wochokera kubatani lozimitsira lija n'kuyesanso, chifukwa batani likachita dzimbiri m'kati limazimitsa injini lokha. Anthu ambiri agulapo CDI yatsopano, kabokosi koyendetsa moto wa mapulagi, pomwe vuto linali batani.

Moto ulipo, mpweya ulipo, ndiye chotsala ndi mafuta, ndipo apa ndi pomwe ndinakhalitsa.

Atsibweni ankafuna tigwiritse ntchito petulo yemwe anatsalira m'thanki. "Mphwanga, mafuta akudula, titaye bwanji?" Ndinawatsanulira pang'ono m'botolo loonekera kuti adzionere okha. Anali wachikasu chodera, fungo lake lowawasa ngati vanishi wa akalipentala, ndipo pansi pa botolo panadikha timadzi. Petulo wathu kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito yomwe inayambira ku Dwangwa mu 1982. Mafutawo ndi abwino akamagwiritsidwa ntchito, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo kunyanja chinyezi sichisowa. Akakhalitsa, madzi ndi ethanol amapatukana n'kutsikira pansi pa thanki, penipeni pomwe paipi imakokera. Gawo lopepuka la petulo, lomwe limayaka msanga, limauluka, n'kusiya zomata m'tinjira ta kabuleta. Thanki ndinaikhuthula yonse, n'kuitsuka ndi petulo watsopano. Posakaniza ndinatsata muyezo wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa malita 25. Oyilo akhale wa tu-sitiroko wa injini za pamadzi. Wa galimoto amasiya mwaye pamapulagi.

Paipi inali itauma n'kuchita ming'alu pafupi ndi polumikizira, ndiye ndinadula mbali yowonongekayo n'kumanganso. Kampira kopopera mafuta kali ndi muvi, ndipo muviwo uloze kuinjini. Kasikulu kolowetsa mpweya pachitsekerero cha thanki kamasulidwe. Ndinapopa mpaka kampira katalimba, ndinakoka choki, n'kukoka chingwe. Zii. Ndinathira timadontho ta mafuta osakaniza kale pakamwa pa kabuleta n'kukokanso. Inatsokomola, inalira kamphindi, n'kuzima. Kulira kwa kamphindi kumeneko ndi umboni wokwanira kuti injini ndi yamoyo koma mafuta sakudutsa m'kabuleta.

Kabuleta musamasulire pamchenga. Ndinayala nsalu yoyera m'beseni, ndipo ndinajambula ndi foni ndisanachotse chilichonse kuti ndidzakumbukire momwe timawaya ta choki tinalowera. Nditatsegula kambale kapansi, ndinapeza zobiriwira zitamatirira, kasingano kotseka mafuta katakanirira, fuloti, kachinthu koyandama kokankha kasinganoko, osayenda. Majeti, tizitsulo tabowo todutsa mafuta, alipo awiri ofunika. Yaikulu imaoneka msanga ndipo aliyense amaitsuka. Yaing'ono, yomwe imadyetsa injini poliza ndi poyenda pang'onopang'ono, ndiyo imatsekeka, ndipo bowo lake ndi laling'ono moti mumaliona pokhapokha mutailozetsa kudzuwa. Yathu sinkaonetsa kuwala. Ndinainyika m'mankhwala otsukira kabuleta, n'kuiboola ndi kaulusi kamodzi ka waya wofewa wa kopa, kenako kuiuzira ndi pampu ya njinga. Ndimadana nacho chizolowezi chobaya jeti ndi singano yosokera kapena waya wa bulashi yachitsulo. Jeti ndi ya chitsulo chofewa, bowo likakula silibwereranso, ndipo injini imayamba kumwa mafuta mosaneneka. Sikulu yosinthira mpweya ndisanaichotse, ndinaimanga mofatsa mpaka itagunda, ndikuwerenga kuti yazungulira kangati, kuti pobwezera ikhale pomwe inali. Kasefa ka mafuta nako ndinakatsuka, ndipo kachikopa ka pampu ya mafuta ndinakayang'ana padzuwa ngati kabooka.

Nditabwezera zonse, inalira. Utsi unadzaza pabwalo chifukwa cha oyilo uja ndinathira m'mabowo, ana n'kuyamba kukuwa, atsibweni n'kutuma kale mnyamata kuti akaitane alovi. Ine maso anali kumbuyo kwa injini, pakabowo kotulutsa madzi, komwe asodzi amangoti injini ikukodza. Sinkakodza. Ndinaizimitsa nthawi yomweyo.

Kabowo kameneka nthawi zambiri kamatsekedwa ndi mavu aja omanga ndi dothi, ndiye ndinakatokosa ndi ulusi wokhuthala wa mbedza. Dothi linatulukadi, koma nditaliza kachiwiri madzi ankangodontha. Impela ikakhala chaka malo amodzi, mapiko ake amauma atapindika, ena amathyoka. Ndinamasula mabawuti a mwendo, ndinalekanitsa kandodo ka giya, mwendo n'kutsika. Mapiko awiri anali atang'aluka patsinde. Poika yatsopano pali kachitsulo kakang'ono konga mwezi wongooneka kumene komwe kamagwira impela pashafiti; kakagwa pansi mudzakafuna mpaka dzuwa kulowa. Povalika chikho cha impela, shafiti imazungulitsidwa motsata kayendedwe ka wotchi kuti mapiko apindikire mbali yoyenera. Ngati phiko lathothoka, fufuzani chidutswa chake, chifukwa chimakatseka njira ya madzi m'mwamba. Nditamanga, madzi anatuluka mwamphamvu, ofunda pang'ono.

Chomaliza chinali oyilo wa giya. Pali masikulu awiri pamwendo, yapansi ndi yapamwamba. Nditamasula, anatuluka woyererako, chizindikiro choti madzi analowa. Nditachotsa pulopela ndinapeza chifukwa chake: ulusi wa ukonde unali utakulungika pashafiti mpaka kudya silo, kalabala kotchinga madzi kuti asalowe m'giya. Ndinathira oyilo watsopano wa nambala 90, kulowetsera kubowo lapansi mpaka atatulukira kumtunda, kenako kutseka lapamwamba poyamba, lapansi pambuyo, ndi mawashala atsopano. Silo sindinasinthe chifukwa imafuna zida zomwe ndilibe, ndipo ndinawauza atsibweni mosabisa kuti injini iyende m'mbali mwa gombe mokha, nkhafi zili m'boti, mpaka amakaniki aisinthe. Anang'ung'udza, poti usipa unali utayamba kugwidwa kutali, koma m'mawa mwake mwendo wa injini unakwera kabaza kupita kutauni.