Akalulu a ku Northumberland ndi mfuti yanga ya mpweya

Mwezi uno zayendako. Mlimi wina wa nkhosa kuno ku Northumberland, kumpoto kwa England kumalire ndi Scotland, wandilembera kalata yondilola kusaka akalulu pa famu yake, ndipo kalatayo ndimayenda nayo m'thumba nthawi zonse. Popanda iyo, kulowa m'munda mwa munthu uli ndi mfuti, ngakhale ya mpweya, ndi mlandu waukulu ku England.

Mfuti yanga ndi ya .22, yopopera mpweya. Ndisanayambe ndinaiyezetsa mphamvu pa kamakina ka chronograph ku kalabu yathu, chifukwa malire a mphamvu kuno ndi 12 ft-lb (muyezo wa mphamvu imene chipolopolo chimatuluka nayo). Ikakhala pansi pa pamenepo sufunika chiphaso. Ikangopitirira, lamulo limaiwerenga ngati mfuti yofuna chiphaso cha apolisi. Chovuta n'chakuti ukasintha mtundu wa mapeleti, tizipolopolo ta mfutiyi, mphamvunso imasintha, ndiye yanga ndaisiya m'munsiko ndithu.

Mphamvu yochepa chonchi imakuphunzitsa kuleza mtima. Kalulu umamuyandikira mpaka mayadi 30 kapena kucheperapo, n'kulunjika pakati pa diso ndi khutu. Kwina kulikonse ungomuvulaza, akafere ku una. Ndakhala ndikuyeserera pa kapepala, ndipo tsopano mapeleti akugwera malo amodzi ndikagona chafufumimba. Nditaimirira dzanja likunjenjemerabe, choncho chamoyo sindikuchiwombera choimirira. Nthawi yabwino ndi chakumadzulo dzuwa likupendeka, mphepo ikuwomba kumaso kwako. Kwathu tinkathamangitsa kalulu ndi agalu ndi zibonga, phokoso lokhalokha. Awa a kuno amakumba mauna m'mphepete mwa mipanda, ndipo ukangotsokomola onse zii.

Mlimiyu sakundichitira chifundo chabe. Lamulo la Pests Act la 1954 limakakamiza mwini malo ku England ndi Wales kuchepetsa akalulu pamalo pake kapena kuwatchinga kuti asakaononge kwa mnzake. Lamulolo linabwera matenda a myxomatosis atangolowa mu 1953 n'kupulula pafupifupi akalulu onse m'dzikoli. Anabwereranso, ndipo matendawo adakalipo: ndakumanapo ndi wina wotupa maso, wosaona n'komwe. Ameneyo umangomupumitsa, sapita mumphika.

Chimene chandizunguza mutu ndi malire a England ndi Scotland. Mnzanga wa ku tchalitchi anandiitana kuti tikasake kufupi ndi tauni ya Kelso ku Scotland, ulendo waufupi pa galimoto. Koma ukangolowa mu Scotland, mfuti yomweyi imafuna chiphaso. Lamulo lawo la 2015 linayamba kugwira ntchito pa 31 Disembala 2016, ndipo mlendo ngati ine ayenera kupempha kaye chilolezo cha alendo kwa Police Scotland. Ku Northern Ireland n'kothina kuposa apo: mfuti ya mpweya yopitirira joule imodzi, mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi 12 ft-lb, imafuna chiphaso cha mfuti. Dziko limodzi, kalulu yemweyo akudya barele yemweyo, malamulo atatu. Ineyo a ku Scotland sindikuwada. Kudziwa amene ali ndi mfuti si chinthu choipa, kungoti munthu wokhala m'malire ayenera kuchenjera kawiri.

Mbalame nazo zili ndi zake. Nkhunda zam'tchire zimadzaza m'munda womwewo, koma sizili ngati akalulu. Zimaphedwa pansi pa chilolezo cha boma chotchedwa general licence, pa zifukwa zolembedwa monga kuteteza mbewu, osati chifukwa wakhumba ndiwo. Mu Epulo 2019 bungwe la boma la Natural England linachotsa mwadzidzidzi zilolezo zitatu zotere, alimi n'kusowa pogwira. Pakadali pano nkhundazo ndazisiya.

Chatsala ndi mbali ya famu yoyandikana ndi msewu. Peleti ikadumpha mpanda n'kugwera kwa wina ndi mlandu, komanso kuwombera pasanathe mafiti 50 kuchokera pakati pa msewu kumakuika m'mavuto ngati wodutsa waopsezedwa. Loweruka tikayenda ndi mlimi uja kuti andionetse pomwe malo ake athera, kenako ndilembe fomu ya ku Scotland.